Khofi Wogulitsidwa Akadali Maluwa

Libardo Cuéllar sankafuna kuti mlongo wake akwere kuphiri Lachinayi limenelo. Anamuuza m'mawa, akuthira madzi mu injini ya jipi, kuti anthu a kumtunda asintha, kuti dzana lomweli anagenda lole ya kopaletivi n'kuswa galasi, ndipo dalaivala anatsika nkhope ili magazi okhaokha. Nohemí anayankha kuti dalaivalayo sanabadwe mwa mlongo wake wa Ovidio, mlimi wamkulu wa kumtundako, ngati iwo, ndiye asamuopseze ndi nkhani za anthu ena. Anakwera n'kumenyetsa chitseko kawiri chifukwa sichinkatsekeka bwino. Mayi awo anatuluka ndi arepa, zitumbuwa za chimanga, zotentha zokulunga m'kansalu, akuti akapatse mchimwene wawo Ovidioyo, ndipo akamuuze kuti asamasowe chonchi ngati munthu wa kudziko lina.

Udalaivala Libardo sanaulotepo. Anali ku yunivesite ku Neiva, akuphunzira za zomangamanga, pamene bambo awo anagwa m'munda wa khofi dzuwa lili paliwombo, osadzukanso. Anabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, mabuku atawasiya m'chipinda cha lendi, akuganiza kuti abwerera maliro akatha. Sanabwerere. Mabukuwo mwina mwini nyumba anakolezera moto. Chimene bambo anamusiyira chinali jipi yokalambayo ndi mlongo wamkulu wamakani, amene anamaliza sukulu yake n'kukhala woyang'anira malonda ku kopaletivi ya alimi a khofi m'tauni mwawo.

Ntchito imeneyo ndiyo inawafikitsa pamenepa. Chaka chathacho khofi anakwerako mtengo patatha zaka za kulira, ndipo alimi ankaopa kuti adzagwanso nthawi yothyola isanakwane. Nohemí anayenda phiri lonse, Libardo akumuyendetsa, kuwauza kuti njira ilipo yogwirizaniratu mtengo. Mlimi alonjeze matumba akutiakuti pa mtengo wa tsikulo, khofi akadali maluwa. Tsiku lomwelo kopaletivi igulitse khofi wochuluka chimodzimodzi ku msika wa ku New York, papepala pokha, kudzera mwa mkhalapakati wa ku Bogotá dzina lake Villegas. Mtengo ukadzagwa, phindu la papepala lidzakwirira zimene kopaletivi yataya pogula khofi wa alimi modula. Ukadzakwera, kopaletivi idzaluza papepala, koma khofi weniweni adzakhala ali m'shedi, wogulidwa motsika, ndipo iyeyo adzakwirira dzenjelo. Alimi anawomba m'manja, ena anamupatsa nkhuku. Palibe amene anafunsa kuti nanga khofi weniweniyo akapanda kufika pa sikelo zidzatha bwanji.

Kenako ku Brazil kunagwa chisanu chimene chinawaula minda, ndipo mtengo unakwera ngati wapenga. Mavenda anadzaza phiri ndi timagalimoto tawo, ndalama zili m'manja, akupereka pafupifupi kawiri pa zimene zinali m'mapangano. Anthu amene anasaina anayamba kudwala matenda oiwala. Amene ankakumbukira ankati tizilombo tawononga mbewu, uku khofi akutuluka m'dzina la mkazi, m'dzina la mlamu, ngakhale m'dzina la mwana wa ku pulayimale. Koma Villegas sankaiwala. Mtengo ukakwera, m'mawa mwake ankaimba foni kufuna chikole chowonjezera. Kopaletivi inapereka ndalama za sitolo ya feteleza, kenako mapepala a lole, kenako a shedi yeniyeniyo, potsiriza mapangano a alimi aja. Zonsezo zikanawomboledwa khofi akanangofika.

Malume awo Ovidio Trujillo ndiwo anali ndi munda waukulu kuposa onse ku La Palmita, pamwamba pa phiri, ndipo anthu a kumeneko ankayamba ayang'ana kumene iwo aponda asananyamule phazi. Nohemí ankati amalume akangotsitsa matumba awo, ena onse atsatira.

Msewu unali woterera ndi mvula ya dzulo lake. Libardo ankayendetsa maso ali pamsewu. Nohemí anayesa kumuseketsa, kumufunsa za mtsikana wa ku bekale amene ankamuikira buledi wa basela, ngati wayamba kumulankhula kapena akudikira kuti jipi imufunsirire. Libardo sanaseke. Anati abwerere, akawauze akuluakulu a kopaletivi atumize maloya ndi apolisi, ndi ntchito yawo imeneyo. Nohemí anati apolisi akakwera phiri limeneli ndiye kuti kopaletivi yafa ngakhale khofi atabwera, chifukwa palibe mlimi amene adzapondenso pakhomo pake.

"Njerwa za shedi ija atate ananyamula pamsana, Libardo. Iwe unali usanabadwe."

"Ndikudziwa, achemwali. Ndiye atamwalira kopaletivi yanuyo inatumiza maluwa a pulasitiki. Akadali pamanda paja, anasuluka."

Nohemí anayang'ana kunja. Kenako anati maluwawo anagula ndi iye, ndi ndalama za m'thumba mwake, chifukwa akuluakulu anaiwala, ndipo analembapo dzina la kopaletivi kuti amayi asadziwe. Libardo anafuna kupepesa, koma anali atafika pokhota pamene msewu umafuna maso onse, ndipo atadutsapo mawu aja anali atazizira.

Ku La Palmita anapeza akudikiridwa. Bwalo la simenti loyanikira khofi linali lodzaza mpaka m'mbali, khofi wabwino, wouma, amene fungo lake linawalandira asanatsike. Pakhonde matumba anaunjikana kufika kudenga. Pambali pa nyumba panaima kagalimoto ka venda, sikelo itapachikidwa kale pa nthambi ya peyala. Amuna anali ambiri, ena a minda ya kutsidya, atakhala pamatumba, zikwanje zili m'chiuno monga mwa masiku onse. Koma inali nthawi yothyola, ndipo nthawi yothyola mwamuna sakhala pathumba pakati pa sabata. Libardo anafuna kutembenuza jipi pomwepo, koma Yeferson, mwana wamkulu wa amalume, anali atatseka kale geti. Anabwera akuseka, anamuwomba paphewa, anamutchula injiniya wopanda pepala, n'kulowetsa dzanja pawindo kuzula kiyi. Anati akusunga kuti ana angaseweretse.

Amalume Ovidio anali munthu wamfupi wa chifuwa chotakata, wa maso ofanana ndendende ndi a mayi awo, chinthu chimene Libardo anadana nacho tsiku limenelo. Anawalandira bwino. Anamasula kansalu, ananunkhiza arepa, nati mlongo wawo yekha ndiye amadziwa kukanda chimanga padziko pano. Anadya imodzi ataimirira, anaitanitsa khofi, anafunsa za miyendo ya mlongo wawoyo ngati ikutupabe. Atatha anapukuta pakamwa n'kunena kuti abwana a kuofesi alankhule chimene chawakweza phiri.

Nohemí analankhula ataimirira pakati pa bwalo, kwa onse. Sanapemphe ngati wamasikini ndipo sanaopseze. Anati akudziwa kuti zikuwawa kuona khofi wako akugulidwa kawiri kutsidya kwa mpanda. Anawakumbutsa kuti mtengo ukanagwa, kopaletivi ikanawalipira zimene inalonjeza popanda kulira, ndipo iwo akanamutchula mwana wabwino. Anati sakufuna zonse lero, ngakhale theka lokha mwezi uno, kuti Villegas aone kuti khofi alipo asiye kuimba. Ena anawerama. Mkulu wina wa ndevu zoyera anayamba kugwedeza mutu movomera, koma ataona kuti ali yekha analeka.

"Mwana wa mlongo wanga, ndikufunseko kamodzi," anatero amalume. "Khofi wangayu ukamutenga pa mtengo wa chaka chatha, azungu amugula pa mtengo wa lero. Zapakatizo akudya ndani?"

Nohemí anati palibe wa kuno amene akudya, zikupita kwa amene anagula pepala lija ku New York, anthu amene iye sakuwadziwa ndipo sadzawaona. Amuna anaseka. Wina anati anthu osaonekawo ndiwo amugulira nsapato wavalazo. Wina anati mwina ndi mizukwa, ikumwa khofi kumanda kuti isagone.

Apa amalume analoza venda uja, munthu wonenepa wa chipewa choyera amene ankanamizira kukonza sikelo, nati bambo awa ayenda, akudziwa zinthu. Awauza kuti pepala la ku New York limatsekeka tsiku lililonse msika ukakhala wotsegula, ndi foni imodzi yokha. Zoona kapena bodza? Nohemí anati n'zoona. Bwalo linachita phokoso ngati timu yagoletsa. Amalume anati ndiye nkhani yatha, aimbe foni atseke, aliyense agulitse khofi wake kumene akufuna, ndipo iye atsike akadye chakudya cha masana ndi mayi ake.

Nohemí anadikira phokoso lithe. Anawauza pang'onopang'ono, ngati mmene ankamuphunzitsira Libardo masamu ali wamng'ono, kuti kutseka si kung'amba. Kutseka ndi kugulanso khofi wa papepala uja pa mtengo wa lero, n'kulipira kusiyana konseko lero lomwe. Pepala likadali lotsegula, shedi ndi chikole chabe, khofi akafika idzawomboledwa. Likatsekedwa khofi kulibe, shedi yapita, sitolo yapita, ndipo dzenje likapanda kudzaza, maloya adzatsata aliyense amene anasaina.

"Iwe mtsikana, sukulu isakupusitse. Chinthu chimene sunachinyamule, sunachipime, sunachiyanike, ukachigulenso kwa ndani? Unagulitsa mphepo. Kabweze mphepoyo, khofi utisiyire."

"Sindiimba, amalume."

Libardo sankamvetseranso mawu, ankayang'ana manja a anthu. Anaona ena atasiya kupiringa fodya, ena atadzuka pamatumba. Anamugwira mlongo wake pamkono n'kunena mokweza kuti nkhaniyi ndi yaikulu, akafunse kaye akuluakulu, abweranso mawa ndi yankho. Anatambasula dzanja kwa msuweni wake kupempha kiyi.

Yeferson anasolola chikwanje n'kumuwomba nacho pamsana chogoneka, mmene anthu a kuno amamenyera munthu amene akufuna kumuchotsa ulemu osati moyo. Chinalira ngati thabwa lagwa pa simenti. Chachiwiri chinamupeza kuseri kwa ntchafu, ndipo anagwada pakati pa khofi. Anadzuka ndi mutu, anamugunda msuweni wakeyo m'mimba, onse awiri anagwa n'kugubuduzika, khofi akuthetheka pansi pawo. Anamupeza bwino kamodzi pamphuno, anamva chinthu chikuphwanyika pansi pa chibakera chake, ndipo kwa kanthawi anasangalala, koyamba chiikire maliro a bambo ake. Kenako mapazi anamugwera mbali zonse. Jombo za mphira sizipweteka ngati zachikopa, koma zinali zambiri. Anamva mlongo wake akutchula amunawo mayina mmodzimmodzi, anthu amene anawalembera makalata a ngongole ya feteleza, amene ana awo anawapezera malo kusukulu. Palibe amene anatembenuka.

Anamukhwekhwereza kupita naye kukashedi ka kuseri, kumene kunali makina osendera khofi, aja a ng'oma yachitsulo ya mano imene imazungulira n'kuchotsa makoko a khofi wakupsa. Wina anakoka chingwe, injini inadzuka. Amuna awiri anamupanikiza pa thabwa, ndipo Yeferson, magazi akutsika m'mphuno mpaka pamalaya, anamugwira dzanja lamanja n'kulitsitsira kukamwa kwa makinawo. Libardo ankamva mphepo ya ng'oma ija pa nsonga za zala. Amalume anaima pakhomo manja ali kumbuyo. Anamuuza Nohemí kuti iwo safuna zimenezi, koma anyamata akwiya, ndipo iwo akalamba, sangawagwire.

"Imbani, achemwali. Shediyo ipite. Imbani tizipita kwathu."

Nohemí anali ndi foni m'manja koma sanaiyang'ane. Anayang'ana Yeferson. Anamukumbutsa kuti anakulira kunyumba kwawo pamene ankaphunzira kutauni, kuti ankagona bedi limodzi ndi Libardo yemweyo, kuti ankavala malaya ake. Anati akudziwa kuti sangachite, asiye masewera onyansawa. Ankakhulupiriradi zimene ankanenazo. Ankaganiza kuti munthu ukamukumbutsa pamene anagona amachita manyazi. Koma panali amuna ambiri akuonerera, ndipo mphuno ya Yeferson inali itathyoka pamaso pawo.

Libardo sanamve ululu poyamba. Anamva kukoka, ngati galu wagwira malaya. Injini inasintha kaliridwe, ndipo kumunsi kumene kumagwera makoko kunagwa zinthu zofiira zimene sizinali makoko. Kenako ululu unafika wonse nthawi imodzi, kuyambira kudzanja mpaka m'mano, ndipo anamva munthu akulira ngati nkhumba yophedwa asanazindikire kuti ndi iye. Wina anazimitsa injini. Amuna aja anamusiya, anagwera pansi. Zala ziwiri kunalibe, chachitatu chinkalendewera pa kakhungu. Nohemí anavula juzi yake n'kumukulunga dzanjalo molimba, akungobwereza kuti aimba, aimba, asamukhudzenso.

Ku La Palmita foni imagwira pamalo amodzi okha, pafupi ndi thanki ya madzi kumtunda kwa bwalo. Onse anapita kumeneko ngati akuperekeza mkwati. Libardo anawatsatira akudzandira, dzanja atalipanikiza m'khwapa, n'kukhala pansi potsamira mwendo wa thanki. Amalume anati mawu amveke kwa onse, asanamizidwe ndi zonong'ona.

Villegas anayankha mosangalala, akuganiza kuti khofi wapezeka. Nohemí anamuuza kuti atseke. Munthuyo anafunsa ngati waona pamene mtengo wafika m'mawa uno, ngati akudziwa chimene akunena, ngati akuluakulu avomereza. Nohemí anati mphamvu yotseka anapatsidwa ndi iye, ndipo akumuuza kuti atseke. Villegas anafunsa ngati akutanthauza gawo chabe. Nohemí anayang'ana juzi imene inali itada kale ndi magazi.

"Zonse."

Anamva tizitsulo ta kompyuta tikulira kutali ku Bogotá. Sizinatenge nthawi. Villegas anati zatheka.

Amuna anakuwa, ena anaponya zipewa m'mwamba. Botolo la mowa wa nzimbe linatuluka kumene linabisidwa. Venda anayamba kutsitsa matumba opanda kanthu m'kagalimoto kake. Amalume anamusisita Nohemí pamsana nati waona, sizinali zovuta, akanamvera poyamba mnyamatayu bwenzi ali ndi zala zake. Anaitana akazi a m'nyumba kuti abweretse madzi a mchere ndi nsalu yoyera, ndipo analonjeza kuti za kuchipatala alipira okha, chifukwa mwana wa mlongo wako ndi mwana wako.

Koma Nohemí anali asanadule foni, ndipo Villegas sankadziwa kuti akulankhula ndi phiri lonse. Anapitiriza ndi mawu a munthu amene akuyang'ana kale ntchito ina. Anati pepani, koma chikole sichikwana, chatsala patali. Maloya ayamba ndi shedi sabata ya mawa, kenako atsata mapangano a alimi aja, kuyambira akuluakulu kutsika m'munsi. Anafunsa ngati Ovidio Trujillo ameneyu munda uli m'dzina lake, chifukwa ndiye ali pamwamba pa mndandanda.

Botolo linaima m'manja mwa amene analigwira. Amalume anayang'ana kafoni kaja ngati njoka yalankhula.

"Watigulitsa," anatero Yeferson.

Nohemí anatembenuka kuti amuyankhe. Ananena kuti ndi zimene wakhala akuwauza chifikire, ndipo sanamalize. Ulendo uno Yeferson chikwanje sanachigoneke. Chinalowa pakati pa khosi ndi phewa lamanja, chinakanirira, ndipo anachita kupondera kuti achizule. Nohemí anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, foni inagwera m'khofi, Villegas akufunsabe ngati akumumva.

Zimene zinatsatira Libardo anaziona ngati kudzera m'madzi. Amuna anabalalika, ena kulumpha mpanda, ena kulowa m'munda. Venda anagwetsa geti ndi kagalimoto kake, sikelo anaisiya ikulendewera pa peyala. Yeferson anaima akuyang'ana chikwanje chake mpaka bambo ake anamuwomba mbama kumaso, kenako nayenso anathawira kumtsinje, kiyi ataiponya pa simenti. Amalume anavula malaya awo n'kuwakanikiza pabala, akuitana dzina la mlongo wawo m'malo mwa la Nohemí. Anamunyamula awiri, amalume kumapewa, Libardo kumiyendo ndi dzanja limodzi, n'kumukhazika pampando wa kutsogolo. Pa anthu otsalawo panalibe wodziwa kuyendetsa. Amalume anaponda chitsulo cha kumbuyo kuti akwere nawo, koma Libardo anaiwutsa jipi mwamphamvu, ndipo anawaona pagalasi atagwada m'matope, opanda malaya.

Dzanja losinthira giya ndi limene linali m'juzi. Anayesa kufikira ndi lamanzere, jipi inapita kuphompho, anaibweza. Apa anamva dzanja la mlongo wake likufufuza mpaka linagwira ndodo ya giya.

"Dalaivala wanji iwe," anatero Nohemí motsitsa. "Ponda klatchi, uzinena giya, ndizisintha."

Anatsika choncho. Libardo ankaponda n'kunena kuti yachiwiri, ndipo giya inkalowa. Potsetsereka kwambiri ankati yoyamba, inkalowa. Malaya a amalume anali atanyowa, magazi ankatsikira pampando n'kudontha pamapazi. Libardo ankamulankhulitsa kuti asagone. Anamuuza kuti mtsikana wa ku bekale dzina lake ndi Marleny, kuti analankhula naye kale kawiri, kuti anamulonjeza kupita naye kumtsinje Lamulungu koma akuopa chifukwa sadziwa kusambira. Nohemí anaseka pang'ono, kusekako kunamutsokomoletsa. Anati ndiye wakhala akumubisira mlamu nthawi yonseyi, mwana wopanda ulemu.

Anadutsa pokhota paja. Kenako Nohemí anati anachedwa kuimba, akanaimba pamene anamuuza bwenzi zala zilipo. Libardo anati zala ali nazo zambiri, zinazo sankazigwiritsa ntchito. Nohemí anati amvere, asamayankhe chilichonse ngati loya. Amayi asakawauze kuti ndi mwana wa mchimwene wawo, akawauze kuti ndi munthu wachilendo, wa mavenda, chifukwa atsala ndi mchimwene mmodzi yekhayo.

"Mukawauza nokha bodza lanulo, achemwali. Ine sindinama."

"Umanama. Unati ubwerera kusukulu."

Msewu unafika kuchigwa. Anawoloka mlatho wa matabwa, ndipo kutsogolo kunali kosalala mpaka m'tauni, nsanja ya tchalitchi ikuoneka pamwamba pa nthochi. Libardo anaponda n'kunena kuti yachitatu. Jipi inayenda yokha, injini ili phee, ikudikira. Ananenanso kuti yachitatu, achemwali. Dzanja linali pomwepo pa ndodo ya giya, ankaliona ndi ngodya ya diso, koma sanatembenuze mutu. Anachotsa phazi, giya yachiwiri inagwiranso, ndipo anaponda mafuta mpaka pansi. Injini inakuwa njira yonse. Anthu a m'mbali mwa msewu ankatembenuka, ndipo makaniko wina pa galaja ya polowera m'tauni anamukuwira kuti asinthe giya, akupha galimoto ya bambo ake.

Pachipatala anaimika jipi pakhomo penipeni, anaimba hutala ndi chigongono mpaka namwino anatuluka. Anali mayi wachikulire amene ankawadziwa onse awiri kuyambira ali akhanda. Libardo anamuuza mofulumira kuti ndi chikwanje, paphewa, wataya magazi ambiri koma amalankhula posachedwapa, pamlatho pomwepa amalankhula, abweretse machira. Namwino anatsegula chitseko cha mbali ya Nohemí, anasuntha malaya aja, anaika zala ziwiri pakhosi pake n'kudikira. Anamutsegula chikope. Kenako anachotsa dzanja la Nohemí pa ndodo ya giya n'kuliika pamiyendo pake bwinobwino, anatseka chitseko mosamala, n'kuzungulira kubwera mbali ya dalaivala.

"Tsika, mwanawe," anatero. "Tiye ndikaone dzanjalo."